Nsambo Imene Idayendetsa Lole ya Nsawa

Ulendo wochokera ku Mitundu kupita ku Blantyre si wachilendo kwa anthu a kwathu. Amalonda amauyenda sabata ndi sabata, n'kubwerako osakamba kanthu kupatula mitengo ya katundu. Wanga ndikuulemba pa zifukwa ziwiri. Gawo lina la msewuwo lole idayenda ndi mphamvu ya dzanja langa lamanja, ndiponso ndidanyamuka ndi gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi n'kubwera nayo ili ndi zisanu.

Ndiyambe ndi chimene chidandinyamula. Ine ndidakulira m'kwaya ya kutchalitchi, kumene nyimbo yabwino ndi imene mawu anayi amayendera limodzi mwaulemu. Chaka changa choyamba ku koleji ndidagona chipinda chimodzi ndi Chisomo, mtsikana wa ku Ndirande, yemwe ankachapa, kusita ndi kuwerenga akumvera gulu lina loimba la ku Blantyre lotchedwa Malata Odontha. Ndidamuuza mosabisa kuti anthu akewo akumveka ngati chigayo chimene lamba wake wakhwepa. Iye sadakwiye. Adangoti ndidikire mvula.

Mvula itayamba, tsiku lina masana idatitsekera m'chipinda, ndipo Chisomo adanditsegulira nyimbo yawo yotchedwa Ndowa Pakati pa Nyumba. Imayamba ndi gitala imodzi, pang'onopang'ono, ngati madontho ogwera m'ndowa yopanda kanthu. Kenaka mtsikana amaimba motsitsa za banja limene likusuntha mphasa kuthawa podontha, ana akuseka, mayi akunamizira kuseka. Mwadzidzidzi ng'oma ndi magitala onse amagwa pamodzi ngati matalala padenga, mawu aja n'kukwiririka. Nyumba imeneyo ndinkaidziwa, popeza ndidakuliramo.

Chisomo adandifotokozera kuti maimbidwe amenewa ndi a roko, koma roko ya anthu opatuka pamsewu waukulu, imene eni ake amaitcha olutanetivu. Oimba ake salabadira zoti wailesi iwakonde, amasakaniza phokoso ndi kachetechete, ndipo amaimba za zinthu wamba zimene ena amazilumpha. Kudzera mwa Malata Odontha ndidafika kwa magulu ambiri a kunja. Ena ndidawakonda, ena adandipweteketsa mutu, koma nthawi zonse ndinkabwerera kwa oyamba aja. Ndidagula gitala yogwirapo kale ntchito ndi kuyamba kuphunzira poonera mavidiyo pa foni. Nyimbo zina zidanditheka. Ya ndowa ija idandikana kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkatambasula zala mpaka kumva kuwawa, komabe chotuluka chinkangokhala chibale cha nyimboyo, osati iyo yeniyeniyo.

Tili patchuthi, Chisomo adanditumizira uthenga woti gululo likutha. Upile, mtsikana woimba gitala uja, ankapita kunja kukachita maphunziro, choncho adakonza zodzaimba komaliza Loweruka masana ku Blantyre. Ndidatsimikiza mumtima kuti ndikafika, ndikamupatsa gitala yanga m'manja, ndikamupempha kuti andionetse pamene zala zimakhala. Kupanda kutero, nyimboyo ikwera naye ndege.

Mayi adakana kuti ndiyende ndekha pabasi. Mwamwayi, atsibweni anga a Phiri, omwe ndi dalaivala wa lole komanso mkulu wa mpingo, ankapita ku Limbe tsiku lomwelo ndi nsawa za Mayi Nankhoma, mmodzi wa amalonda otchuka pamsika wa Mitundu. Atsibweni adavomera kunditenga. Adati mtengo wa ulendo ndi umodzi basi: chigayo changa cha Malata Odontha chisalire m'galimoto yawo.

Tidanyamuka kukucha, ine ndili pampando wapakati, gitala itaima pakati pa miyendo, Mayi Nankhoma ali kuwindo ndi chitenje chodzaza nsawa zophika. Atsibweni adapemphera, adaliza injini, ndipo tidatsika msewu wa ku Lilongwe mpaka pamphambano pamene tidakhotera kummwera. Ndidawerengera kuti tikhala tili ku Blantyre nthawi ya nkhomaliro.

Titangolowa pa Nathenje, phazi la atsibweni lidagwera pansi ndi chopondera moto, ndipo chopondacho sichidabwererenso. Injini idapitiriza kulira mwaulesi, lole n'kumayenda ngati ng'ombe yokhuta. Adaikhotetsera pambali, pafupi ndi msika, natitsitsa. Atakweza mpando wapakati, pamene pansi pake pali injini, adapeza kuti kebulo ya moto yaduka, ndipo kachitsulo koigwira kuchopondera kathyoka. Ndidayang'ana nthawi. Tidali tisadayende ngakhale maola awiri, pamalo poti munthu wanjinga akadatha kundibweza kwathu ndisadamve njala.

Pa Nathenje tidaphunzira kudikira. Makaniko wodziwa malole adali atapita ku chinkhoswe ku Kamphata, ndipo foni yake inkangoitana. Sitolo ya zipangizo za galimoto idatsegulidwa mochedwa ndi mayi wina waulemu amene adafufuza m'makatoni onse, n'kutipatsa pepani. Mwini sitolo ya zipangizo za njinga amapemphera Loweruka, choncho chitseko chake chidali ndi loko. Tidamwa tiyi ndi masikono. Tidamwanso tiyi wina. Atsibweni adayesa chingwe chosokera matumba, koma chidasungunuka chitangokhudza injini. Adayesa waya womangira mpanda, koma udali wouma, wosatheka kupinda pokhota. Wakabaza wina wachifundo adamasula waya wakale wa buleki panjinga yake. Udali wadzimbiri, ndipo udaduka pakukoka koyamba. Anthu adatizungulira, aliyense ndi nzeru yake. Mayi Nankhoma adakhala pamwala n'kulengeza kuti nsawa zawo zimera m'matumba, ndipo adzakolola pomwepo chaka chamawa.

Apa m'pamene ndidaona atsibweni akuyang'ana gitala yanga. Sadayang'ane thupi lake. Maso awo adali pa nsambo yaikulu, yapamwamba, imene imalira mokhuthala.

"Nabanda," adatero, ndipo akanditchula ndi mfunda ndimadziwa kuti pali nkhani. "Waya wamkuluyo ali ndi kamkanda kachitsulo kumapeto. Kamkanda kameneko kalowa ndendende pamene panali mutu wa kebulo. Tandibwereka."

Ndidaikumbatira gitala. Ndidawafotokozera mwaulemu kuti imeneyo ndi nsambo, si waya, ndipo popanda iyo ndilibe choti ndikaonetse Upile, chifukwa nyimbo yonse ndidaimanga pa nsambo imeneyo. Ndidalibe ina yapadera, ndipo ndinkadziwa kuti pa Nathenje sipangapezeke.

Adandiyankha modekha kuti ndisankhe ndekha: kukhala pa Nathenje ndi nsambo zisanu ndi imodzi, kapena kufika ku Blantyre ndi zisanu.

Mayi Nankhoma, amene moyo wawo wonse ndi wotsatsa ndi kutsitsa, adandinong'oneza mokweza kuti munthu sapereka katundu wake osaikapo mtengo. Ndidamva. Ndidauza atsibweni kuti atenge nsamboyo, koma chigayo chilire. Adapumira m'mwamba, adayang'ana matumba a nsawa, adayang'ana dzuwa, navomera. Kenaka adatenga gitala, adapotoza chomangira nsambo osafunsa kuti chimamasukira mbali iti, ndipo m'kanthawi kochepa nsamboyo idali m'manja mwawo. Nthawi imeneyo sindidaganizepo kanthu.

Adakoletsa kamkanda kaja pa injini, nadutsitsa nsambo pampata wa pansi pa mpando, mbali inayo n'kuikulunga pa sipanala. Kuchopondera sikukadamangika kanthu chifukwa cha kachitsulo kothyoka kaja. Moto udayenera kukokedwa ndi dzanja, ndipo manja a dalaivala adali kale ndi chiwongolero ndi magiya. Sipanala ija adaipereka kwa ine. Adati akanena kuti koka, ndikoke pang'onopang'ono. Akanena kuti masula, ndimasule msanga kuti asinthe giya.

Kukoka kwanga koyamba kudachititsa lole kudumpha ngati chule. Anthu a pa Nathenje adabalalika akuseka, mbuzi idathawa ndi chingwe chake, Mayi Nankhoma n'kuitana dzina la mayi awo omwalira. Kwachiwiri ndidamasula mochedwa, magiya adakukuta mano, atsibweni adatseka maso ngati munthu wopweteka dzino. Kwachitatu tidayenda. Tidatuluka pa Nathenje dzuwa litakwera ndithu, wakabaza uja akutiperekeza ndi belu.

Pofika pa Kamphata ndidali nditayamba kuzolowera. Popeza manja anga adali otangwanika, foni idagwiridwa ndi Mayi Nankhoma, amene adaikweza mpaka pamapeto. Ankandidyetsanso nsawa, kumandiponyera m'kamwa ziwiriziwiri. Choncho m'galimoto munkamveka zinthu zitatu: injini, Malata Odontha, ndi mkulu wa mpingo akuti koka, masula, koka. Mayi Nankhoma adagamula kuti woimba ng'oma ali ndi mkwiyo wa munthu amene adamubera mbuzi, koma mtsikanayo ali ndi mawu, akadangopeza kwaya yabwino. Atsibweni adangoti masula, nasintha giya.

Chitunda cha ku Dedza chidandionetsa kuti lole yodzaza imalemera bwanji. Kuchokera pa Linthipe ndidakoka ndi manja awiri, phewa likuyaka, nsambo ikunjenjemera ndi kulira kamawu kake pansi pa phokoso la injini. Pa Dedza tidaima pasitolo ina, koma kebulo imene adali nayo idali ya minibasi, yaifupi. Ndidatsika kukaongola msana m'mphepo yozizira, zala zitapindika ngati za nkhuku yowamba, kenaka tidapitirira.

Pa Lizulu tidachedwanso, ulendo uno chifukwa cha Mayi Nankhoma, amene sangadutse kabichi wotsika mtengo osamulonjera. Adagula ali pawindo, akuuza aliyense wogulitsa kuti lole imene akuiwonayi ikuyenda ndi gitala, ndipo woyendetsa weniweni ndi mwana wa ku koleji. Anyamata ena adakwera pachitseko kudzasuzumira. Ine ndidangoyang'ana kutsogolo, ndikuwerengera maola otsala.

Titachoka pa Lizulu, nyimbo ya ndowa idafika. Gitala imodzi ija idayamba kudontha. Ndidazindikira kuti kwa kanthawi atsibweni sadanene koka kapena masula. Ndinkangomvera injini n'kudziwa ndekha. Chala chawo chachikulu chinkagogoda pachiwongolero. Nyimbo itatha adatsokomola, nauza Mayi Nankhoma kuti aibwereze, ati sadamve bwino mawu ake ndipo ayenera kudziwa zimene mwana wa mlongo wawo amamvera. Idabwerezedwa katatu. Ulendo wachitatu adapempha poyambira pokha, pamene palibe mawu alionse.

Pa Ntcheu tidapeza makaniko amene adali ndi kebulo yochotsa ku lole ina yakufa, komanso makina owotcherera kachitsulo kaja. Adati ntchitoyo itenga ola limodzi. Adamasula nsambo yanga n'kundibwezera ili yopindikapindika, yakuda ndi oyilo, yophwanyika pamene idakulungidwa pa sipanala. Ndidayang'ana nthawi. Ku Blantyre anthu adali akulowa, ndipo Chisomo adali atanditumizira kale mauthenga anayi. Ndidakhala pansi pa mtengo, gitala yogweluka dzino ili pamiyendo, ndikulimbana ndi misozi.

Atsibweni adasamba m'manja ndi sopo wa makaniko, adapukuta bwinobwino, nadzakhala pambali panga. Adandipempha kuti ndiwaonetse mmene ndimaimbira nyimbo ija. Ndidayesa ndi nsambo zotsalazo. Adapukusa mutu.

"Iwe wachuna ngati a kwaya," adatero. "Mtsikana uja sanachune choncho. Wachuna ngati ife a galoni."

Sindidamvetse mawu oti ife. Adatenga gitala, adaika khutu pafupi, nayamba kumasula nsambo ina, kusiya ina, akung'ung'udza motsitsa. Atamaliza adakhwacha zonse zisanu popanda kugwira paliponse, ndipo zidalira mogwirizana ngati anthu a nyumba imodzi. Kenaka adagoneka chala chimodzi chopingasa, nachitsetsereza. Madontho aja adayamba kugwa, enieniwo, pansi pa mtengo wa pa Ntcheu, kuchokera m'manja amene ndidawadziwa akugwira chiwongolero ndi buku la nyimbo zakutchalitchi basi. Adalakwitsa kawiri, adadzidzudzula, nayambiranso. Makaniko adatulutsa mutu pansi pa mpando. Mayi Nankhoma adasiya nsawa ili panjira yopita kukamwa, natulutsa foni yawo.

Adandifotokozera mwachidule, maso ali pa nsambo. Ali mnyamata, akugwira ntchito m'maesiteti a fodya cha ku Malingunde, adali ndi banjo ya galoni ya mafuta, nsambo zake zochokera ku waya wa buleki. Fodya akagulitsidwa, iwo ndiwo ankavinitsa anthu. Machunidwe amenewa ndi a anthu opanda mphunzitsi, oti chala chimodzi chigwire ntchito ya zinayi. Atafunsira mbeta, bambo a mkaziyo adanena poyera kuti pakhomo pawo safunapo mkamwini wa banjo. Adaipachika m'chigafa cha fodya, ndipo sadaibwererenso. Adaonjeza kuti waya wamkulu uja ndiye ankandisokoneza, popeza pamachunidwe amenewa alibe malo.

Adandibwezera gitala, nagoneka chala changa pamene padali chawo. Chimene chidandikana miyezi isanu ndi iwiri chidatheka makaniko asadamange bawuti yomaliza.

Kuchokera pa Ntcheu moto udabwerera kuphazi la mwini wake, ndipo dzanja langa lidapuma. Za Chingeni, Phalula ndi kutentha kwa ku Zalewa ndilibe zambiri zonena, chifukwa ndidadutsamo nditaweramira gitala. Atsibweni, amene sapyola liwiro lololedwa ngakhale kumbuyo kukuyaka, sadapyole, koma sadaimenso paliponse. Pa Lunzu Mayi Nankhoma adalandira foni yoti wogula nsawa watseka, abwere Lolemba. Ndidaganiza kuti akwiya. Adangoti ndiye kuti Mulungu akufuna aone woimba ng'oma uja ndi maso awo.

Tidafika dzuwa litapendeka. Chisomo adandikokera m'kati mwa holo ndi dzanja lopweteka lija, nandiuza kuti kwatsala nyimbo ziwiri. Yomaliza idali ya ndowa. Ndidadzipanikiza mpaka kutsogolo, ndipo Upile atatembenukira kuwala ndidawerenga zomangira pamutu pa gitala yake. Chimodzi, chapamwamba, chidali chopanda nsambo. Matalala aja atagwa, anthu onse adadumpha pamodzi, nanenso ndidadumpha. Nditacheuka ndidaona atsibweni ataima kumbuyo pafupi ndi khomo, chipewa chili pachifuwa ngati ali pamaliro a munthu wolemekezeka, phazi lokha likuwapereka. Mayi Nankhoma adali pakati pa ana asukulu, chitenje chili m'chiuno.

Zitatha ndidaima pamzere wa ofuna kulonjera. Funso limene ndidanyamula kuchokera ku Mitundu lidali litayankhidwa kale, choncho nditafika kwa Upile ndidangomupatsa gitala. Adaikhwacha kamodzi, nandiyang'ana, nafunsa amene waichuna. Ndidaloza kukhomo. Upile adasiya mzere wonse, adapita kwa atsibweni, adapinda maondo powapatsa moni, nawauza kuti iye adaphunzira pa galoni ya bambo ake, ndipo anthu ambiri ophunzira amufunsa za nyimboyo koma palibe adaitulukira yekha. Atsibweni adatembenuza chipewa m'manja, nati iwo ndi dalaivala chabe.

Tidagona kwa abale ku Limbe, tidapemphera komweko Lamulungu, nsawa zidatsitsidwa Lolemba. Pobwerera, titadutsa pa Nathenje, atsibweni adatipempha tonse awiri kuti nkhani ya pa Ntcheu ithere m'galimoto. Adati iwo ndi munthu wa udindo, ndipo akazi awo adakwatiwa ndi mwamuna amene adalonjeza kusiya zimenezo. Ine ndidalonjeza. Mayi Nankhoma adayang'ana kunja kwa windo mwachidwi chachikulu, ngati sadaonepo minda ya chimanga.

Titafika pakhomo pa atsibweni, akazi awo adali pakhonde akusenda chinangwa, foni ili pambali. Sadadzuke. Adati vidiyo ya mkulu wa mpingo akuimba pansi pa mtengo adaiwonera Loweruka lomwelo, ndipo pofika Lamulungu idali itazungulira amayi onse a m'bungwe la kutchalitchi. Atsibweni adayamba kufotokoza za kebulo, za Nathenje, za mwana amene adali pafupi kulira. Akazi awo adawadula.

"Amene anakana banjo anali bambo anga, a Phiri, ndipo anagona kalekale. Ine munandifunsapo? Mukuganiza kuti ndinkapita kuesiteti kuja kukaona fodya?"

Adapukuta manja pachitenje, adasendeza mpando wina ndi phazi, nandiuza kuti ndipereke gitalayo kwa eni ake.

Nsambo yachisanu ndi chimodzi sindidaibwezeretse. Yakale ija atsibweni adaikulunga n'kuipachika pagalasi la m'lole, ati kebulo ya pa Ntcheu nayonso ndi yakale, munthu sadziwa.